Sindimadzimva kuti ndine mtsikana kapena mnyamata: ndiwauze liti makolo anga?

Funso

Ndili ndi zaka 17. Ndinabadwa ndi thupi lachikazi ndipo aliyense amandidziwa kuti ndine mtsikana, koma kuyambira ndili wamng'ono akati "atsikana bwerani kuno" ndinkamva ngati akuitana anthu ena. Sikuti ndikufuna kukhala mnyamata ayi. Chaka chatha ndinawerenga pa intaneti za anthu amene amadzitchula kuti non-binary, ndipo ndinalira chifukwa zinali ngati akufotokoza za ine. Mawere atayamba kukula ndinayamba kudzimanga pachifuwa ndi bandeji. Ndilinso ndi dzina lina limene ndimadziitana mumtima. Mnzanga wina wa pa intaneti akuti ndikapanda kuuza makolo anga ndiye kuti moyo wanga wonse ndi bodza. Amayi ndimawakonda kwambiri, koma bambo sachedwa kupsa mtima, ndipo ndi iwo amene amandilipirira sukulu. Kodi ndikudwala? Zidzatha? Ndiwauze liti, ndipo ndiyambire pati?

Yankho

Mwanawe, ndiyambe ndi bandejiyo, chifukwa pa zonse zimene walemba ndi yokhayo imene ikhoza kukuvulaza sabata ino. Isiye. Bandeji yotanuka, ija amamangira munthu akabinya bondo, anaipanga kuti izigwira zolimba thupi likamasuntha. Ukaimanga pachifuwa, nthiti zimalephera kutambasuka ndipo mapapo sadzaza mpweya bwino. Zotsatira zake ndi befu, kupweteka kwa msana ndi mapewa, zilonda pakhungu, ndipo alipo amene anathyoka nazo nthiti. Tepi yomatira katundu nayonso ndi yoopsa. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sarah Peitzmeier linafalitsa zimene linapeza litafunsa anthu akuluakulu 1,800 amene amamanga pachifuwa, ndipo 97 pa 100 alionse anatchula vuto limodzi kapena angapo la m'thupi. Sindikupeputsa chimene chimakumangitsa. Ndikudziwa kuti chifuwa chikaoneka chosalala mtima wako umakhala m'malo, ndipo mpumulo umenewo ndi weniweni. Koma ulipo mpumulo wosawononga nthiti: bra yamasewera ya saizi yako yeniyeni, malaya otaya, kapena chovala chopepuka mkati ndi china chokhuthala pamwamba. Ukadzapeza binder, chovala chimene anachisokera ntchito imeneyi, usatenge chaching'ono poganiza kuti chigwira bwino, usachivale kupitirira maola 8 pa tsiku, usagone nacho, usathamange nacho, ndipo masiku ena uzilisiya thupi lipume. Ukamva kubanika kapena kulasa m'nthiti, vula nthawi yomweyo. Zikapanda kusiya, pita kuchipatala ukanene kuti umamanga pachifuwa. Palibe amene angakukakamize kufotokoza chifukwa chake. Dokotala akufunika kudziwa chimene chachitikira nthiti zako basi.

Tsopano funso lako loyamba. Sukudwala, ndipo amenewa si mawu ongokutonthoza. Mu Meyi 2019 mayiko a m'bungwe la World Health Organization anavomereza buku latsopano la mndandanda wa matenda, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. M'bukuli, kusagwirizana pakati pa mmene munthu amadzimvera ndi mmene anamulembera pobadwa anakuchotsa m'gulu la matenda a maganizo. Anakusiya m'chigawo china cha bukulo n'cholinga choti amene akufuna chithandizo cha kuchipatala azitha kuchipeza. Bungwe la American Psychiatric Association linali litasintha kale mu 2013: chimene madokotala amathandiza ndi kusautsika kumene munthu amakhala nako chifukwa cha kusagwirizanako, kumene amakutcha gender dysphoria, osati umunthu wake. Kusautsikako ukukudziwa, ndi kumene kunakufikitsa pa bandeji. Kumeneko ndiye kukufunika chisamaliro.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu adzazisokoneza ndi nkhani yako, choncho ndi bwino kuti iweyo uzilekanitse msanga. Mmene umadzimvera, kuti ndiwe mkazi, mwamuna kapena palibe pa ziwirizi, ndi nkhani ina; amene mtima wako umakopeka naye ndi nkhani inanso. Munthu wa non-binary akhoza kukonda amuna, akazi, onse, kapena osakopeka ndi aliyense. Komanso si chimodzi ndi kubadwa ndi ziwalo kapena mahomoni amene sali mbali imodzi yokha, kumene amati intersex. Imeneyo ndi nkhani ya mmene thupi linapangikira, ndipo m'kalata yako sunatchule zotere.

Adzakuuzanso kuti zimenezi wazitola pa intaneti. Kalata yako yayankha kale: unkamva zimenezi uli wamng'ono, mawu akewo wawapeza chaka chatha. Anthu amene salowa m'magulu awiri okhawa analipo kalekale foni zisanabwere. Ku India, Pakistan ndi Bangladesh kuli anthu otchedwa hijra, ndipo mu Epulo 2014 khoti lalikulu la India linagamula kuti boma lizivomereza gulu lachitatu pambali pa amuna ndi akazi. Ku Samoa kuli fa'afafine, pakati pa anthu a mtundu wa Zapotec ku Oaxaca m'dziko la Mexico kuli muxe, ndipo mtundu wa Bugis pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia umazindikira magulu asanu. Sindikuti iwe ndi amenewa ndinu amodzi, chifukwa gulu lililonse lili ndi tanthauzo lake kwawoko. Ndikungokuonetsa kuti funso lakoli mitundu ya anthu yakhala ikukumana nalo. Pa kalembera wa 2021 dziko la Canada linafunsa anthu mwachindunji, ndipo mwa a zaka 15 kupita m'tsogolo, 41,355 anati ndi non-binary pamene 59,460 anati ndi amuna kapena akazi a trans, kutanthauza amene anawalemba kuti ndi akazi pobadwa koma amadzimva kuti ndi amuna, kapena anawalemba kuti ndi amuna koma amadzimva kuti ndi akazi. Onse pamodzi ndi munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 300. Ndi ochepa, koma si iwe wekha.

Zidzatha? Apa ndiyankhe mosamala, chifukwa pali anthu a mbali ziwiri amene angakuyankhe mofulumira, ndipo onsewo sangakuthandize. Ena adzati ndi chibwana, uiwala ukakula. Ena adzati wadzipeza basi, usayerekeze kukayika. Zoona zake n'zakuti anthu amayenda njira zosiyana. Alipo amene anadzimva chomwechi ali ana ndipo akalamba akudzimva chomwecho. Alipo amene patapita zaka anazindikira kuti ndi amuna a trans. Aliponso amene pambuyo pake anakhazikika monga akazi amene sagwirizana ndi zimene anthu amayembekezera kwa mkazi. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula ubongo kumene kungakuuze gulu lako. Ndipo ngati mawu amene umadzifotokozera adzasinthe uli ndi zaka 25, sizidzatanthauza kuti lero ukunama.

Chimene chimathandiza ndi kumasula mtolowo n'kuona zimene zili mkati. Dzifunse kuti chimakupweteka n'chiyani kwenikweni. Kodi ndi thupi lenilenilo, ngakhale uli wekha m'chipinda popanda wokuona? Kodi ndi mmene anthu anayambira kukuyang'ana ndi kukulankhula thupi litasintha? Kodi ndi ntchito ndi makhalidwe amene amakusenzetsa chifukwa choti ndiwe mtsikana? Kapena ndi dzina, ndi mawu amene amakuitanira? Kwa ambiri zimakhala zingapo pamodzi, koma kulemera kwake kumasiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Ndionjeze chinthu chimodzi chovuta kuchinena: ngati pali wina amene anakugwirapo thupi mosayenera kapena kukuchitira nkhanza, zimenezo zimathanso kumudanitsa munthu ndi thupi lake. Sizikufafaniza mmene umadzimvera, koma ndi bala lofunika chisamaliro chakechake, ndipo usalisenze wekha. Usangoyang'ana zowawa zokha. Uziona nthawi zimene umapepukidwa: utavala chiyani, uli ndi ndani, akukuitana bwanji. Nthawi zambiri chimwemwecho chimalozera bwino kuposa ululu.

Zonse zimene ungayese pakali pano, tsitsi, zovala, dzina pakati pa anthu owakhulupirira, ndi zobwezeka. Za mahomoni ndi maopaleshoni si za lero, ndipo si mayeso amene uyenera kukhoza kuti ukhale non-binary weniweni. Ambiri sadzazifuna moyo wawo wonse. Bungwe la WPATH, limene limalemba malangizo a chisamaliro cha anthu a trans, linaika mutu wapadera wa anthu a non-binary m'malangizo ake a 2022, pozindikira kuti zosowa zawo sizifanana. Pa za ana osakwana zaka 18, akatswiri enieni akutsutsana. Ku England, lipoti la Dr Hilary Cass la mu Epulo 2024 linati umboni wa mankhwala oimitsa kutha msinkhu ndi wa mahomoni kwa achinyamata ndi wofooka, ndipo kumeneko anakhwimitsa kaperekedwe kake, pamene mabungwe ngati American Academy of Pediatrics ndi Endocrine Society akupitiriza kuvomereza chithandizochi ngati munthu waunikidwa bwino. Koma pa chinthu chimodzi palibe mkangano: usagule mahomoni pa intaneti kapena kwa mnzako. Testosterone, mahomoni achimuna, amakulitsa mawu kukhala ngati a mwamuna ndipo mawuwo sabwereranso, akhoza kusokoneza kubereka, komanso si mankhwala olera. Zimenezi ndi zosankha ukakula, ukuona bwino, uli ndi dokotala wodziwa ntchito yake.

Tifike kwa mnzako uja. Sindikugwirizana naye, ndipo ndikunena mosapita m'mbali. Kusunga nkhani yako mpaka nthawi yabwino si bodza. Kudzidziwa ndi chinthu china, kuuza anthu ndi chinthu china, ndipo pakati pa ziwirizi pakhoza kudutsa zaka popanda choyambacho kuchepa mphamvu. Mwina mnzakoyo akukufunira zabwino, mwinanso iye zinamuyendera atauza a kwawo. Koma usiku umene udzalankhule, iye adzakhala kuseri kwa foni, iwe udzakhala m'nyumba ndi bambo ako. Amene adzasenze zotsatira ndiye woyenera kusankha tsiku. Ndiponso kudziulula si mwambo wa tsiku limodzi umene ukautsiriza wamasuka. Udzakhala ukusankha moyo wako wonse, kusukulu, kuntchito, kwa dokotala, kwa wokondedwa, kuti uyu ndimuuze, uyu ayi. Luso limenelo uyambe kuliphunzira panopa, ndipo phunziro loyamba n'lakuti si aliyense amene ali ndi ufulu womva nkhani yako.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kusamala ndi ichi. Chimene chimavulaza kwambiri achinyamata onga iwe si mmene alili, koma mmene anthu owazungulira amawalandirira. Katswiri wina, Ilan Meyer, anafotokoza bwino zimenezi mu 2003: kusalidwa, kuyembekezera kusalidwa, ndi kubisa nthawi zonse zimaunjikana mpaka kudwalitsa maganizo. Mu 2009 Caitlin Ryan ndi anzake a Family Acceptance Project ku San Francisco State University anafalitsa kafukufuku wa achinyamata 224 amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzawo. Amene anakanidwa kwambiri ndi mabanja awo anali ndi mpata woposa kasanu ndi katatu wonena kuti anayesapo kudzipha, poyerekeza ndi amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono. Kafukufukuyo sanali wa anthu a non-binary, koma phunziro lake likukukhudza: mmene a m'nyumba mwako adzayankhire ndi nkhani yaikulu, yosayenera kuiponya mwachisawawa tsiku limene wakwiya kapena mnzako wakukakamiza. Onanso kuti Meyer anatchula kubisa pakati pa zinthu zolemetsa. Ndiye sindikukuuza kuti ukhale chete kwa aliyense. Ndikuti usankhe woyamba bwino.

Woyambayo asakhale munthu amene umamuopa kwambiri, ngakhalenso amene yankho lake umalilakalaka kwambiri. Akhale amene akakana sugwa naye, ndipo akavomera umupeza pafupi. Mwina ndi mkulu wako, msuweni wako, azakhali ako, mnzako wapamtima amene unamuyesapo kale ndi chinsinsi china n'kuchisunga, kapena mlangizi wophunzira ntchito yake. Usanamuuze, muyese. Tchula nkhani ya munthu wina imene unamva, umve mmene ayankhire. Wonyoza mlendo sadzasintha chifukwa choti ndiwe. Ngati ndi mlangizi kapena mphunzitsi, yamba wamufunsa kuti: "Ndikakuuzani nkhani yanga, pali zimene mungakakamizike kuuza makolo anga?" Malamulo a zimenezi amasiyana malo ndi malo, ndipo wodziwa ntchito yake adzakuyankha moona usanayambe. Munthu mmodzi yekhayo, amene angakuitane ndi dzina lija mukakhala awiri, akhoza kusintha zambiri. Mu 2018 Stephen Russell ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa achinyamata a trans 129 a zaka 15 mpaka 21 ku United States. Anapeza kuti malo amene munthu ankaitanidwa ndi dzina lodzisankhira akamachuluka, kunyumba, kusukulu, kuntchito kapena kwa anzake, zizindikiro za kuvutika maganizo ndi malingaliro odzipha zinkachepa. Ndi kafukufuku wa anthu ochepa, koma akugwirizana ndi zimene alangizi amaona. Dzina limene pano likungomveka mumtima mwako likufunika pakamwa pa munthu wina.

Za bambo ako, maganizo anga ndi akuti usawauze pakali pano. Wanena zinthu ziwiri zokha za iwo, kuti sachedwa kupsa mtima ndiponso kuti sukulu yako ili m'manja mwawo, ndipo ziwirizo zikukwanira. Dziyankhe moona mafunso awa. Akakwiya amathera pa mawu, kapena anamenyapo munthu m'nyumbamo? Nkhani ya anthu onga iwe ikatchulidwa amati chiyani? Atakuthamangitsa usiku, ungakagone kwa ndani, ndipo munthuyo akudziwa? Atasiya kulipira sukulu, pali wina angapitirize? Ngati mayankho ake akukuchititsa nthumanzi, dikira umalize sukulu, ukhale ndi poimira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maphunziro ako ndi amene adzakupatse mphamvu yosankha kokhala, zovala ndi dzina popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Kudikira kuli ndi mtengo wake, sindikubisa: udzaitanidwa ndi dzina limene sulimva, udzavala zina zimene suzifuna. Koma ndi mtengo umene ukuudziwa kukula kwake, pamene wa kuthamangitsidwa uli ndi zaka 17 sungauyeze.

Uganizirenso malamulo a kumene ukukhala. Mayiko ena apita patali: Argentina inakhazikitsa lamulo lolola munthu kusintha zolembedwa pa ziphaso zake mu 2012, ndipo mu 2021 inayamba kulola chilembo X pa chiphaso cha unzika. Koma mayiko oposa 60 akadali ndi malamulo olanga kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, ndipo anthu a trans amakodwa m'malamulo amenewo ngakhale nkhani yawo ili ina, chifukwa wapolisi kapena woyandikana naye nyumba amaweruza ndi maso. Dziwa mbali imene dziko lako lili usanalembe chilichonse poyera. Foni yako ikhale yokiya. Chimene watumizira munthu mmodzi chikhoza kujambulidwa n'kufika kwa anthu 100. Usatumize zithunzi za thupi lako kwa aliyense, ndipo uchenjere ndi munthu wamkulu wa pa intaneti amene akuti ndi yekhayo amene amakumvetsa, akufuna mukumane mobisa kapena akulonjeza ndalama ndi malo ogona. Ana amene akusowa wowamvetsa ndi amene anthu oipa amawasaka.

Amayi ako ndiye pamene mtima wako uli, ndipo pamenepa tikhalitsepo. Chinthu choyamba chimene ambiri saganizira ndi chakuti ukawauza amayi, wawasenzetsa chinsinsi chobisira amuna awo. Amayi ena amatha kuchisunga zaka. Ena sagona nacho ngakhale usiku umodzi, osati chifukwa chokupereka, koma chifukwa mantha awakulira ndipo munthu amene anazolowera kuthamangirako ndi bambo akowo. Iwe ukuwadziwa. Unawauzapo kanthu kena n'kukapeza kwa bambo? Ngati ndi choncho, tsiku louza amayi uliwerenge ngati tsiku louza onse awiri, ndipo mafunso aja uyambe wawayankha.

Ukaona kuti nthawi yakwana, sankha tsiku limene muli awiri, mopanda changu, osati pakati pa mkangano, osati pamene pali alendo kapena vuto lina m'banja. Munthu wako woyamba uja adziwe kuti lero ndi tsikulo, foni yake ikhale yotsegula. Usayambe ndi mawu achingerezi amene unawerenga, chifukwa amayi akangomva mawu achilendo adzayamba kufufuza amene wakuphunzitsa m'malo momvera iwe. Yamba ndi zimene iwo anaziona ndi maso awo. Ukhoza kunena motere: "Amayi, pali chinthu chimene chakhala chikundivuta kuyambira ndili mwana, ndipo ndikukuuzani chifukwa ndimakukhulupirirani. Mukukumbukira mmene ndinkavutira ndi zovala zina, ndi mmene ndinasinthira thupi langa litayamba kukula? Mumtima mwanga sindimadzimva kuti ndine mtsikana, komanso sindimadzimva kuti ndine mnyamata. Sindinasankhe, ndipo palibe amene anandichititsa. Ndine mwana wanu yemwe uja." Ukatero khala chete, uwapatse mpata. Usayese kufotokoza zonse tsiku limodzi. Ndipo upemphe kanthu kamodzi kapena tiwiri timene angathe kuchita: kuti asauze munthu musanagwirizane, kuti asakukakamize chovala chakutichakuti. Kholo limene lasokonezeka limagwira msanga pempho looneka kuposa nkhani yaikulu imene silikuimvetsa.

Mafunso awo ukhoza kuwadziwiratu. "Ndinalakwitsa pati?" Auze kuti palibe, kaleredwe sikapanga munthu kukhala wotere. "Wakuphunzitsa ndani?" Akumbutse za ubwana wako. "Anthu adzati chiyani?" Limeneli ndi la mantha enieni, ndipo ukhoza kuwatsimikizira kuti sukufuna kulengeza kwa anthu, ukufuna iwo okha adziwe. "Nanga banja, nanga ana?" Anthu a non-binary amakhala ndi mabanja ndipo ena amabereka, palibe chitseko chimene chatsekeka, ndipo uli ndi zaka 17. Funso limene sukudziwa yankho lake, nena kuti ukuliganizirabe. Sufunika kukhala ndi mayankho onse kuti nkhani yako ikhale yoona.

Akhoza kulira, kukhala duu, kukalipa, kapena mawa lake kuchita ngati sunanene kanthu. Yankho la tsiku loyamba kawirikawiri silikhala lomaliza. Iwe wakhala ndi nkhaniyi zaka zambiri, iwo angoimva kumene. Anali ndi chithunzi cha tsogolo lako chimene anachisunga kuyambira uli khanda, ndipo kuchisiya kumawawa ngakhale kwa kholo lachikondi. Dzina limene unapatsidwa pobadwa mwina analisankha okha, mwina ndi la munthu amene ankamukonda, choncho pempho losintha dzina akhoza kulimva ngati ukukana iwowo. Nkhani ya dzina ndi bwino kuisungira tsiku lina, ndipo ukadzaitchula udzanene kuti ukudziwa chikondi chimene chinali m'dzina loyambalo. Akamalakwitsa uku akuyesetsa, uwakonze mofatsa. A Family Acceptance Project aja anaonanso kuti makolo ambiri amene amakana ana awo amachita zimenezo poganiza kuti akuwateteza, ndipo kuti ngakhale kungochepetsa kukanako kumathandiza umoyo wa mwana. Amayi ako safunika kumvetsa zonse kapena kusiya chikhulupiriro chawo kuti asiye kukunyoza, akuteteze kwa achibale, ndi kukhala nawe pa tebulo limodzi. Iwenso ngati uli ndi chikhulupiriro, palibe amene angakulande. Alipo anthu ambiri onga iwe amene amapemphera.

Koma kuwapatsa nthawi kuli ndi malire ake. Kumenyedwa, kutsekeredwa m'nyumba, kumanidwa chakudya, kukakamizidwa kukwatiwa, kapena kutengeredwa kwa munthu amene akuti akuchiritsa ndi zowawa, zonsezi ndi nkhanza, ngakhale wochitayo atanena kuti akukukonda. Mu 2020 katswiri woima payekha wa United Nations pa nkhanizi, Victor Madrigal-Borloz, anapempha mayiko onse kuti aletse njira zoyesa kusintha anthu zoterezi chifukwa cha mmene zimavulazira. Ndipo ngati wina atadzanena kuti kugona ndi mwamuna kudzakukonza, kumeneko ndi kugwiririra, ndi mlandu, ndipo uyenera kuchoka pamalopo ndi kupeza thandizo tsiku lomwelo.

Sunalembe za maganizo ofuna kudzivulaza, koma ndikufunsabe, chifukwa ambiri amene amasenza zoterezi okha amafikapo. Ngati amakubwerera, uza munthu wamkulu lero lomwe, kapena pita kuchipatala, kapena imba nambala yothandiza ana ndi achinyamata ngati kwanuko ilipo. Sufunika kuulula za non-binary kuti uthandizidwe. Kungonena kuti "ndikuganiza zodzipha ndipo ndikuopa" n'kokwanira kuti akuthandize. Ndipo ngakhale zisanafike pamenepo, usalole kuti nkhani imodziyi idye moyo wako wonse. Gona mokwanira, khala ndi anzako a maso ndi maso, pitiriza zimene umakonda. Maola ambiri pa intaneti usiku, ukuwerenga mikangano ya anthu yokhudza ngati anthu onga iwe alipodi, sadzakuwonjezera kanthu.

Chotsala ndi chimene sunafunse: bwanji zitaululika usanakonzeke, wina ataona foni yako kapena mnzako atalankhula? Konzekeratu panopa, mtima uli m'malo. Dziwa pamene pali chikalata chako chobadwira, chiphaso chako ndi masatifiketi a sukulu, ndipo uzijambule n'kusunga zithunzizo pamalo otetezeka. Loweza pamtima nambala ziwiri za anthu amene angakulandire, chifukwa foni ndi imene imayamba kulandidwa. Sunga kandalama kokwanira ulendo wokafika kwa mmodzi wa iwo. Akakufunsa mwaukali, sukakamizidwa kuvomera kapena kufotokoza nthawi yomweyo. Ukhoza kunena kuti "ndilankhula mitima ikatsika," ndipo ngati kukana n'kumene kungakupulumutse ku chibakera usiku umenewo, kana, palibe mlandu. Ukaona kuti manja ayamba kukwezedwa, usayime pakona kapena m'chipinda chopanda potulukira. Tuluka upite kwa munthu uja, zokambirana zidzachitike mawa pali munthu wina wamkulu pakati panu.